Kodi elekitironi ndi quark zili ndi kanthu kena mkati mwake?

Agogo a ku Likuni:

Anzanga a pa gulu lino, makamaka inu amene mukuphunzitsa sayansi masiku ano, ndithandizeni pa funso ili. Ife pa nthawi yathu tinkauza ana kuti chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu, kuti mu atomu muli pulotoni, nyutironi ndi elekitironi, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Tsopano ndikumva kuti pulotoni ndi nyutironi nazonso zili ndi tizidutswa tina mkati mwake totchedwa ma quark, koma akuti quark ndi elekitironi zokha ndiye zilibe za mkati. Kale ankati atomu siigawika, ndipo inagawika. Anatinso pulotoni ndiye mapeto, koma nayo inapezeka kuti ili ndi zake. Nanga tikhulupirire bwanji kuti amene anaphonya kawiri sakuphonyanso kachitatu?

Mphunzitsi wa ku Area 25:

Agogo, kuti tiyankhe bwino tiyambe taona mmene asayansi amadziwira kuti chinthu chili ndi za mkati, popeza palibe maikulosikopu imene ingaonetse tinthu timeneti. Njira yake ndi kulasa. Mnyamata akamalasa ndi legeni pa mulu wa udzu wofolera nyumba, miyala imangolowa n'kuzimirira, koma mwala umodzi ukanjanja n'kubwerera kumene iye waima, amadziwa kuti m'katimo muli chinthu cholimba, kaya ndi khasu kaya ndi chitsa, ngakhale sanachione ndi maso.

M'chaka cha 1909 ku Manchester, Hans Geiger ndi Ernest Marsden ankalasa golide wopyapyala kwambiri ndi tizidutswa totchedwa alpha. Pafupifupi tonse tinkapyola, koma towerengeka tinkabwerera m'mbuyo, ndipo mu 1911 Ernest Rutherford anafotokoza kuti kulemera kwa atomu kunaunjikana pa kaphata kakang'ono pakati pake. M'zaka za m'ma 1950, Robert Hofstadter wa ku Stanford analasa mapulotoni ndi maelekitironi n'kupeza kuti pulotoni ili ndi kukula koyezeka, kumene lero tikuti kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi pafupifupi 0.84 × 10^-15 ya mita (10^-15 ya mita ndi mita imodzi yogawidwa ndi 10 maulendo 15). Ndiyeno mu 1968, pa makina a SLAC otalika makilomita 3 ku California, maelekitironi amphamvu kwambiri anayamba kunjanja mochuluka kuposa mmene akanachitira pulotoniyo ikanakhala yofewa paliponse. Umenewo unali umboni wa ma quark amene Murray Gell-Mann ndi George Zweig anali atawaganizira mu 1964.

Chimene ndikufuna mumve ndi chakuti elekitironi ndi quark nazonso zalasidwa mwa njira yomweyo kwa zaka zambiri, pa makina owombanitsa tizidutswa a LEP ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva, kuyambira 1989 mpaka 2000, pa HERA ku Hamburg kuyambira 1992 mpaka 2007, ndiponso pa LHC, makina aakulu a CERN, imene ikuzungulira makilomita 27 pansi pa malire a Switzerland ndi France. Palibe chimene chanjanja mosayembekezereka. Ngati quark ili ndi kukula kulikonse, kukulako sikufika 10^-18 ya mita, kutanthauza kuti ndi yaying'ono kuposa pulotoni ka 1,000 kapena kuposerapo, ndipo malire a elekitironi ali cha m'ma 10^-19. Choncho wasayansi wosamala sanena kuti zatsimikizika kuti mulibe kanthu. Amanena kuti mpaka pamene makina athu afika, sitinapezemo kanthu.

Wophunzira wa ku Kawale:

Zikomo aphunzitsi. Ine ndili Fomu 4, ndipo pali chimene chikundisokoneza. Tinaphunzira kuti phata la atomu likamatulutsa cheza cha beta, nyutironi imasanduka pulotoni n'kutulutsa elekitironi. Ndinawerenganso kuti muon, imene ndi kachidutswa kofanana ndi elekitironi koma kolemera, ndipo amati ilibe za mkati, imasweka n'kusiya elekitironi imodzi ndi ma neutrino awiri, tizidutswa topepuka kwambiri topanda chaji. Ngati chinthu chasweka n'kutulukamo zinthu zitatu, kodi zinthu zitatuzo sizinali m'katimo kuyambira kale?

Mayi wa ku Area 18:

Mwanangu, ndikuyankhe kuchokera pa ntchito yanga, chifukwa ine ndimajambula anthu ndi makina a X-ray. M'chubu cha makinawo muli kawaya kamene kamatenthedwa mpaka kuyamba kutulutsa maelekitironi. Ndikadina batani, magetsi a mavoti oposa 100,000, ngati tikujambula pachifuwa, amathamangitsa maelekitironiwo kuti akagunde kachitsulo ka tungsten. Pafupifupi 99 pa 100 ya mphamvu yawo imangosanduka kutentha, n'chifukwa chake chubucho chimafuna kupuma odwala akachuluka, ndipo kotsalako n'kumene kumatuluka ngati cheza cha X-ray. Chezacho sichinasungidwe mu elekitironi kapena m'chitsulomo kudikira kuti wina atsegule. Chimabadwa pa nthawi yeniyeni imene elekitironi yagunda n'kutaya liwiro.

Ndi mmenenso zimakhalira ndi nyutironi ndi muon. Nyutironi imene ili payokha imakhala mphindi pafupifupi 15, kenako quark imodzi ya mtundu wa down imasanduka ya mtundu wa up, ndipo elekitironi ndi antineutrino, mnzake wa neutrino, zimabadwa pomwepo kuchokera ku mphamvu imene yatsala. Muon imalemera kuposa elekitironi ka 207 ndipo siikhala nthawi, imangotha masekondi pafupifupi 0.0000022. Umboni wosavuta wakuti zotulukazo sizinali m'katimo ndi uwu: elekitironi ikawombana ndi mnzake wa chaji yosiyana, amene amatchedwa positron, nthawi zina pamatuluka kuwala kokha, nthawi zina ma muon awiri, nthawi zina ma quark, malingana ndi mphamvu imene zawombana nayo. Maelekitironi onse ndi ofanana, ndiye sitinganene kuti ina inanyamula muon pamene inzake inanyamula quark. Kusweka kwa mtundu umenewu sikutiuza chilichonse chokhudza za mkati.

Injiniya wa ku Kanengo:

Zimene amayi afotokoza ndi zoona, koma ine ndiima ndi agogo, ndipo chifukwa changa si kusweka ayi, koma kubwerezabwereza kwa dongosolo. Mu 1869 Dmitri Mendeleev anandandalika maelementi n'kuona kuti makhalidwe awo akubwerezeka, mpaka anasiya mipata ya maelementi amene anali asanapezeke, ndipo gallium inapezekadi mu 1875. Iye sankadziwa chimene chinkachititsa dongosololo, koma patapita zaka zinadziwika kuti gwero lake ndi kasanjidwe ka maelekitironi mkati mwa atomu. Zinachitikanso chimodzimodzi m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, pamene tizidutswa tatsopano tinachuluka kwambiri. Gell-Mann ndi Yuval Ne'eman anatisanja m'magulu mu 1961, kachidutswa ka Omega kamene kankasowa kanapezeka ku Brookhaven mu 1964, ndipo gwero la dongosololo linakhala ma quark.

Tsono taonani zimene tili nazo lero. Pali ma quark 6 ndi ma lepton 6 (elekitironi, muon, tau ndi ma neutrino atatu), ndipo onsewa agawika m'mabanja 3 ofanana pa chilichonse kupatula kulemera. Elekitironi ili ndi akulu ake awiri, muon imene inapezeka mu 1936 ndi tau imene inapezeka mu 1975, yolemera kuposa elekitironi pafupifupi ka 3,500. Quark ya top, imene inapezeka ku Fermilab mu 1995, imalemera pafupifupi 173 GeV (GeV ndi muyeso wa mphamvu umene amayezeranso kulemera kwa tizidutswa), pamene ya up imangolemera pafupifupi 0.002 GeV. Palibe amene wafotokoza chifukwa chake mabanjawa alipo atatu, kapena chifukwa chake chaji ya quark ndi 2/3 kapena 1/3 ya chaji ya elekitironi ndendende, moti chaji ya pulotoni ndi ya elekitironi zimafafanizana bwinobwino mu atomu ya haidirojeni. Manambala a kulemerawa amangoyezedwa n'kulowetsedwa m'masamu ndi manja.

Si ine ndayamba kukayikira. Mu 1974 Jogesh Pati ndi Abdus Salam analemba za tizidutswa tozama kwambiri timene timatchedwa ma preon. Mu 1979 Haim Harari ndi Michael Shupe, aliyense payekha, anasonyeza kuti banja loyamba lonse lingamangidwe ndi ma preon a mitundu iwiri yokha, wina wa chaji ya 1/3 ndi wina wopanda chaji, otengedwa atatuatatu. Atatu okhala ndi chaji akupereka positron, awiri okhala ndi chaji ndi mmodzi wopanda akupereka quark ya up, atatu opanda chaji akupereka neutrino. Kwa ine zimenezi n'zokongola kwambiri moti n'zovuta kungozitaya.

Mphunzitsi wa ku Area 25:

Achimwene, mfundo yanu ya mabanja atatu ndi yamphamvu, ndipo palibe buku limene laiyankha. Koma ma preon ali ndi mavuto awiri amene sanathe kuwadumpha kwa zaka zoposa 40.

Loyamba ndi la maginito. Mu 1928 Paul Dirac anasonyeza kuti kachidutswa kokhala ndi chaji, kopanda za mkati, ka mtundu wa elekitironi, kayenera kukhala ndi mphamvu ya maginito ya mlingo wodziwika, umene pa masamu amaulemba kuti g ndi 2. Mu 1933 Otto Stern atayeza pulotoni ku Hamburg, anapeza kuti maginito ake ndi aakulu pafupifupi kawiri ndi theka kuposa mmene masamu a Dirac ankanenera, ndipo lero tikudziwa kuti ndi ka 2.79. Nyutironi, imene ilibe chaji n'komwe, inapezekanso kuti ili ndi maginito. Apa mukuona kuti pulotoni inadziulula yokha zaka 35 makina a SLAC asanaiboole. Elekitironi yafunsidwa funso lomwelo mosamala kwambiri kuposa chinthu china chilichonse m'sayansi. Nambala yake ndi 2.002319, ndipo kachigawo kapamwambako anayamba kukafotokoza ndi Julian Schwinger mu 1948 popanda kufuna za mkati zilizonse. Muyeso umene unalengezedwa mu 2023 ndi gulu la ku yunivesite ya Northwestern ku America ukugwirizana ndi masamu mpaka pafupifupi gawo limodzi pa 1 thiriliyoni. Elekitironi ikanakhala ndi tinthu tozungulira mkati mwake pa msinkhu umene tingaufikire, nambala imeneyi ikanapotoka.

Vuto lachiwiri ndi la kulemera, ndipo ine ndimaliona kuti ndi lalikulu koposa. Lamulo la Werner Heisenberg la mu 1927 limati ukapanikiza kachidutswa m'malo aang'ono, mphamvu ya kuyenda kwake imakula, ndipo malowo akamachepa mphamvuyo imakulirakulira. Mphamvu yotsekeredwa m'chinthu imaoneka ngati kulemera kwa chinthucho. Pa pulotoni masamuwa akuyenda bwino kwambiri: malo a 10^-15 ya mita akupereka mphamvu ya 200 MeV (1,000 MeV ndi 1 GeV) kapena kuposerapo pa quark iliyonse, ndipo pulotoni imalemeradi 938 MeV, pamene ma quark ake atatu paokha amangokwana pafupifupi 9 MeV, gawo limodzi pa 100. Kulemera kwa thupi lanu ndi langa kwenikweni ndi mphamvu ya ma quark opanikizidwa ndi ma gluon, tizidutswa timene timamanga ma quarkwo pamodzi. Tsopano chitani masamu omwewo pa elekitironi. Preon yopanikizidwa m'malo a 10^-19 ya mita iyenera kukhala ndi mphamvu ya pafupifupi 2,000,000 MeV, koma elekitironi yonse imalemera 0.511 MeV yokha. Kuti zimenezi zitheke, mphamvu yomangirira ma preon iyenera kufafaniza mphamvu ya kuyenda kwawo mpaka kutsale gawo limodzi pa mamiliyoni 4, ndipo pa neutrino, imene ndi yopepuka kwambiri kuposa elekitironi, kufafanizako kuyenera kukhala kodabwitsa koposa pamenepo.

Injiniya wa ku Kanengo:

Aphunzitsi, vuto la kulemera ndikulidziwa, koma si khoma lopanda khomo. Pion, imene ndi kachidutswa kena, ili ndi quark ndi antiquark (mnzake wa quark wa chaji yosiyana) mkati mwake, kukula kwake sikusiyana kwambiri ndi kwa pulotoni, koma imalemera 140 MeV yokha, ndipo Yoichiro Nambu anafotokoza kale kuti pali lamulo la kufanana m'masamu limene limaiteteza kuti isalemere. Mu 1979 Gerard 't Hooft anasonyeza mfundo zimene chiphunzitso chiyenera kukwaniritsa kuti tizidutswa tomangidwa ndi tina tikhale topepuka ngakhale tili tating'ono kwambiri. Choncho chilengedwe chili nayo njira yobisira mphamvu yaikulu m'chinthu chopepuka. Ndipo bwanji osaganiza kuti muon ndi elekitironi yomweyo, koma za mkati mwake zasanjika mwa njira ina ya mphamvu yokwererapo?

Mphunzitsi wa ku Area 25:

Pa pion ndi pa 't Hooft sindikutsutsani, ndipo n'chifukwa chake palibe amene anganene kuti ma preon ndi osatheka. Kungoti pion ndi yopepuka kuposa pulotoni ka 7 kokha, pamene ife tikufuna ka mamiliyoni, ndipo palibe amene wamanga chiphunzitso cha ma preon chimene chimatulutsa manambala 207 ndi 3,500 aja. Chimangosamutsa funsolo kulipititsa pansi.

Ganizo lanu la muon ndi limene layesedwa mwachindunji. Chinthu chilichonse chokhala ndi za mkati chikakwezedwa mphamvu, chimatha kubwerera pansi potulutsa kuwala. Atomu imatero, ndipo ndi mmene nyali za chubu zimawalira. Phata la atomu limatero potulutsa cheza cha gamma. Pulotoni nayo ili ndi mkulu wake wotchedwa Delta, wolemera 1,232 MeV, amene ali ndi ma quark omwewo osanjika mwina, ndipo nthawi zina amabwerera kukhala pulotoni potulutsa kuwala. Muon ikanakhala elekitironi yokwezedwa, bwenzi tikuiona ikusanduka elekitironi ndi kuwala kokha. Gulu la MEG ku Paul Scherrer Institute ku Switzerland lakhala likufufuza zimenezi pa ma muon osawerengeka, ndipo silinaone, moti ngati zimachitika n'komwe sizifika kamodzi pa ma muon 1 thiriliyoni. Ku LHC nako afufuza ma quark okwezedwa mphamvu ndipo sanawapeze mpaka cha m'ma 6 TeV (1 TeV ndi 1,000 GeV).

Wophunzira wa ku Kawale:

Pepani kuti ndikudulani, aphunzitsi ndi bambo a ku Kanengo. Ndinaona nkhani pa intaneti yakuti asayansi anakwanitsa kugawa elekitironi n'kupeza chaji ya 1/3. Kodi umenewo si umboni wa ma preon amene bambo akunena?

Mayi wa ku Area 18:

Ayi mwanangu, imeneyo ndi nkhani ina. Mu 1982 Daniel Tsui ndi Horst Störmer anaika maelekitironi ambirimbiri m'kachigawo kopyapyala ka semiconductor, pamalo ozizira kwambiri ndiponso pa maginito amphamvu, ndipo Robert Laughlin anafotokoza kuti m'khamu limenelo mumayenda mafunde amene amachita ngati tizidutswa ta chaji ya 1/3. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 1998. Koma chimene chagawikacho ndi kayendedwe ka khamu lonse, osati elekitironi imodzi. Ukatulutsa elekitironi m'kachipangizoko, imatuluka yathunthu ndi chaji yake yonse.

Agogo a ku Likuni:

Ndatsatira bwino, ndipo mfundo ya maginito yandigwira mtima, chifukwa zikuoneka kuti pulotoni inapereka chizindikiro msanga pamene elekitironi yakhala chete ngakhale yafunsidwa kwambiri. Koma aphunzitsi, mwatchula malire a 10^-19 ya mita. Kodi kupitirira pamenepo kwatsala mtunda wautali bwanji? Ndamvanso ena akunena kuti tizidutswa tonse ndi tizingwe tonjenjemera.

Mphunzitsi wa ku Area 25:

Mtunda watsala wautali zedi, agogo. Pali msinkhu wotchedwa wa Planck, umene ndi pafupifupi 1.6 × 10^-35 ya mita, pamene mphamvu yokoka ya dziko iyenera kuyamba kulowerera m'malamulo a tizidutswa, ndipo masamu athu a lero sagwiranso ntchito. Kuchokera pa 10^-19 kufika pa 10^-35 muyenera kugawa ndi 10 maulendo 16. Kuchokera pa msinkhu wa munthu kufika pa pulotoni ndi maulendo 15 okha, ndipo m'menemo mwakwana maselo, mamolekyu, maatomu ndi maphata awo. Ndiye amene anganene kuti m'dera lonse losafufuzidwalo mulibe chatsopano akulankhula zimene sanayeze.

Chiphunzitso cha tizingwe chimati elekitironi, quark ndi kuwala ndi kunjenjemera kosiyanasiyana kwa kachingwe ka mtundu umodzi, kamene kawirikawiri amakaganizira kuti kali pafupi ndi msinkhu wa Planck. Onani kuti ganizo limeneli ndi losiyana ndi la ma preon, chifukwa silinena kuti mkati muli tizidutswa tina, koma kuti kachidutswako kali ndi utali ndi maonekedwe. Masamu ake ndi ozama, koma palibe muyeso umene walitsimikizira, ndipo ine sindingaliphunzitse ana ngati chinthu chodziwika.

Ndiwonjezere kuti chiphunzitso chimene tikugwiritsa ntchito lero sichiona elekitironi ngati kampira kolimba. Chimati pali chinthu chofalikira paliponse, chimene amachitcha field ya elekitironi, ndipo elekitironi imodzi ndi kugwedezeka kochepetsetsa kumene field imeneyo ingakhale nako. N'chifukwa chake maelekitironi onse ndi ofanana ndendende, ndiponso n'chifukwa chake amatha kubadwa ndi kuzimirira monga amayi afotokozera. Pa kaonedwe kameneka, funso lenileni ndi lakuti kodi field ya elekitironi ndi yoyambirira kapena imachokera ku ma field ena ozama.

Injiniya wa ku Kanengo:

Ngati zili choncho, ndisiya kaye elekitironi, koma ndiloze kumene ndikuona kuti mng'alu ungayambire. Higgs, imene inalengezedwa ku CERN pa 4 July 2012 ndipo imalemera pafupifupi 125 GeV, ndi kachidutswa kokhako pa mndandanda wa toyambirira kamene spin yake, muyeso wa kuzungulira kwake kwachibadwa, ndi 0. Tizidutswa tina tonse ta spin 0 timene tikudziwa, monga pion ndi kaon, tinapezeka kuti ndi tomangidwa ndi ma quark. Mu 1984 David Kaplan ndi Howard Georgi anaganizira kuti Higgs ingakhale yomangidwa ndi tinthu tina, ndipo ingakhale yopepuka pa chifukwa chofanana ndi cha pion. Higgs siinayezedwe mosamala ngati elekitironi, popeza mmene imagwirizanirana ndi tizidutswa tina mwadziwika mpaka cha m'ma 10 pa 100 basi, ndipo pa tizidutswa tina sizinafike n'komwe pamenepo.

Mphunzitsi wa ku Area 25:

Pamenepo ndiye tagwirizana, achimwene, ndipo asayansi ambiri akuyang'ana komweko. Higgs yomangidwa iyenera kuonetsa zizindikiro ziwiri. Kugwirizana kwake ndi tizidutswa tolemera totchedwa W ndi Z kuyenera kuchepa pang'ono poyerekeza ndi zimene masamu a lero akunena, ndipo payenera kupezeka tizidutswa tatsopano tolemera, makamaka tofanana ndi quark ya top, cha m'ma TeV owerengeka. Mpaka pano zonse ziwiri sizinaoneke, ndipo tizidutswa tofanana ndi top tafufuzidwa kale kupitirira 1 TeV osapezeka. LHC, imene mu 2022 inayamba kuwombanitsa mapulotoni pa 13.6 TeV, ikukonzedwa kuti cha m'ma 2030 iyambe gawo latsopano limene lidzasonkhanitse kuwombana kochuluka pafupifupi ka 10 kuposa mmene makinawo anapangidwira poyamba, ndipo zimenezi zidzatsitsa kukayika kwa miyeso ya Higgs kufika pa magawo owerengeka pa 100. CERN ikuganiziranso zokumba ngalande ina ya makilomita pafupifupi 91, imene poyamba idzawombanitse maelekitironi ndi ma positron kuti ipange ma Higgs ambiri popanda tizidutswa tina tambiri tosokoneza miyeso, ndipo makina amenewo ndi amene angayeze kugwirizana kwa Higgs ndi Z mpaka kuchepera gawo limodzi pa 100.